Anayeza Amalume Ali Moyo

Ntchito yanga yoyamba inandipeza pamsika waukulu wa ku Lichinga, ndikugulitsa nyemba pa benchi ya mayi anga. Sekondale ndinali nditamaliza, satifiketi ili phee m'sutikesi, mwini wake ali pa nyemba. Mnzanga wa kukwaya, amene ankagwira ntchito panyumba ina yogona alendo, anafika ali wefuwefu kudzandiuza kuti kwabwera azungu ojambula filimu, ndipo akufuna munthu wodziwa Chingerezi, Chipwitikizi, Chinyanja ndi Chiyao. Zilankhulo zinayizo ndinali nazo, koma osati chifukwa cha nzeru. Makolo anga anathawira ku Malawi nthawi ya nkhondo, ine ndinabadwira komweko n'kuyamba sukulu komweko, kenako tinabwerera kudzakhala ku Chiuaula, bairo kapena kuti dera lina la mu Lichinga, pakati pa Ayao. Ndinasiyira mayi benchi, n'kukwera njinga yamoto ndili ndi fumbi la nyemba m'zikhadabo.

Anandilandira ndi mayi wina wa ku Portugal, wochepa thupi, wosasekaseka, dzina lawo dona Inesi. Za satifiketi sanafunse n'komwe. Anandikhazika patebulo pamene panali kapu, supuni, botolo la madzi ndi bokosi la machesi, nati ndiyang'ane bwino kenako ndituluke panja. Nditabwerera anandifunsa chimene chasintha. Ndinati supuni yatembenuka, madzi a m'botolo atsika, ndiponso iwo avula ndolo ya kukhutu lamanzere. Anandiyang'ana nati, "Lolemba. Ubwere ndi juzi, timayamba kusanache."

Dona Inesi anali anotadora wa filimuyo, ndipo ine ndinalembedwa kuti ndiziwathandiza. Anthu ambiri amaganiza kuti filimu imajambulidwa monga momwe amaionera, kuchokera poyambira mpaka pothera. Si choncho. Munthu akhoza kutsegula chitseko Lachiwiri n'kudzalowa m'nyumbamo Lachisanu la sabata inayo, koma woonera ayenera kukhulupirira kuti ndi mphindi yomweyo. Anotadora ndiye amalondera zimenezi. Ngati kapulana, chitenje chija, anamangidwira kumanzere, akhale kumanzere. Tiyi m'kapu akhale pomwe anasiyidwa. Khasu ligwiridwe ndi dzanja lomwe lija. Kulumikizana kumeneku amakutcha rakoro, ndipo mawu amenewa ndinkawamva kuposa dzina langa.

Zida zanga zinali tabuleti yojambulira zithunzi, matepi omata a mitundumitundu oika pansi posonyeza poima munthu aliyense, choko, wotchi yoyezera kutalika kwa chigawo, ndi kawailesi ka m'manja kokoleka m'chiuno. Kamera isanayambe ndinkajambula chilichonse chimene chili patsogolo pake. Akafuula kuti "Corta!", ndiye kuti kamera yaima, ine ndinkathamanga kukajambulanso munthu asanakhudze kanthu. Lamulo la dona Inesi linali limodzi, ndipo analinena tsiku loyamba lomwe: "Chinthu chikalowa mu kamera si cha mwini wakenso. Ndi changa, mpaka nditanena kuti ndathana nacho."

Filimu yake sinali ya nkhonya ndi mfuti ngati imene tinkaonera m'tinyumba ta kanema ku bairo kwathu. Inali ya mtundu umene amaupititsa ku zikondwerero za mafilimu ku Ulaya, kumene anthu amasonkhana mumzinda umodzi kwa masiku angapo n'kumaonera mafilimu kuyambira m'mawa mpaka maso kufiira, kenako oweruza n'kupereka mphoto. Filimu ikalandiridwa ku chikondwerero chimodzi chachikulu, imayenda mizinda ina motsatizana, ndipo mwini wake amapeza podalira pa filimu yotsatira. Ikaphonya tsiku lomaliza lotumizira, imagona chaka chathunthu, anthu amene anaithandiza n'kuyamba kuyang'ana kumbali. Tsiku lomalizalo linali pakamwa pa aliyense, ngakhale pa nthawi ya chakudya.

Wotsogolera kujambula anali mzungu wamtali wa ku Belgium, ife tinkangomutcha realizadoro. Magetsi ojambulira sankawafuna, ankadalira kuwala kwa kumwamba, ndipo nkhungu ya ku Lichinga ankaikonda kuposa ife eni ake. Ife mano ali gwedegwede ndi chisanu, iye akuti kwacha bwino. Ankatha kujambula munthu akungoyenda mumsewu, osalankhula, mpaka madzi a tiyi kuwira. Masiku oyamba ndinkaseka chamumtima. Koma ndisaname, ntchitoyo inandilowa. Ndinayamba kuona kuti nkhope ya munthu amene wakhala chete imanena zambiri, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaganiza kuti mwina ndili ndi kopita kupatula pa benchi ya nyemba.

Nkhani ya filimuyo inali ya mayi wokulira ku Ulaya amene wabwerera kuno ku Niassa kudzafuna bambo ake omwe anasiyana nawo pa nkhondo. Awapeza, akhala nawo pang'ono, bambowo amwalira. Mayiyo ankaseweredwa ndi katswiri wochokera ku Ulaya komweko, koma pa bambowo realizadoro ankafuna munthu wamba, wa nkhope imene yaona zinthu. Anaona madoda ambiri, onse osamukhutiritsa. Ine ndi pakamwa pangapa ndinati ndili ndi amalume.

Amalume anga a Zakariya ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango ku Chiuaula. Anali munthu wofatsa, wa chifuwa chosatherapo, ndipo ndi iwo anatsogolera mayi anga kudutsa m'tchire usiku ndi usana pothawira ku Malawi. Nditawauza za filimu anaseka mpaka kutsokomola.

"Iwe Mena, nkhope iyi azungu akaichite chiyani? Akaopsezere ana?"

Nditawafotokozera kuti munthu wa m'nkhaniyo amamwalira kumapeto, kuseka kunatha. Akazi awo, amene ife timawatcha tiya Rozina, anafunsa ngati adzawagonekedi m'manda. Ndinati ayi, adzapanga chidole cha masaka ndi utuchi, n'kuchikulunga mu mphasa, amalume sadzayandikira dzenje. Anavomera chifukwa ndine ndinanena. Ndipo anasewera bwino amalume! Realizadoro akangoti kamera iyambe, iwo ankakhala monga amakhalira masiku onse, ndipo azungu ankanong'onezana kuti sanaonepo zotere.

Zinthu zinapindika tsiku loti mawa lake tijambula maliro. Kumanda enieni sanatilole, choncho anabwereka munda wina m'mbali mwa msewu wa ku Meponda, pansi pa mitengo ya bulugamu. Okumba anali adzukulu enieni a ku bairo kwathu, mkulu wawo che Machemba. Iwo anabwera masana kudzaona malo kuti m'mawa adzangoyamba, ndipo anafunsa funso limene mdzukulu aliyense amafunsa: muyeso uli kuti? Mnyamata wa ku France amene ankakonza malo ojambulira anafunsa dalaivala tanthauzo lake. Dalaivala anati ndi kutalika kwa womwalirayo. Mnyamatayo, wofuna kuti zonse zikhale zenizeni, anatenga tepi yake yachikasu yoyezera, napita pamene amalume ankaothera dzuwa, nawapempha mwaulemu kuti aimirire. Anawayeza kuchokera pamutu mpaka kuchidendene, nadula nsungwi pa msinkhu womwewo, n'kuipereka kwa che Machemba. Amalume sadziwa kukanira mlendo. Anaimirira. Ndipo pamalopo panali amayi a kutchalitchi kwathu amene tinawalemba kuti adzalire maliro a m'filimu, onse akuona.

Ine ndinali kutsidya, kunyumba imene tinkajambuliramo, ndikujambula makapu. Pamene ndinkamva, nkhani inali itafika kale ku Chiuaula.

Kwathu manda sakumbidwa modikira. Amakumbidwa munthu atamwalira, pa muyeso wake, ndipo dzuwa likamalowa amakhala atafotseredwa. Zikachitika kuti dzenje lakumbidwa koma mtembo sunafike, amaikamo thunthu la nthochi n'kufotsera, kuti lisagone lili yasa likuyembekezera munthu. Ine sindikunena kuti dzenje limaitana anthu. Ndimaimba kwaya, ndipo zambiri za makolo ndimazimvera khutu limodzi. Koma Chiuaula ndimamudziwa. Amalume anali odwaladwala, ndipo ndinkadziwa chimene chidzanenedwe tsiku limene adzatisiye, kaya posachedwa kaya patapita zaka: kuti mwana wa mlongo wawo anawatengera kwa azungu, anawayezetsa ali moyo, nawakumbitsira manda. Munthu wa mbiri yotere sakhala pansi pamaliro a kwawo.

Madzulo a tsikulo tiya Rozina anafika kwathu, osakhala ngakhale pamphasa.

"Mwananga, wawayezetsa amalume ako?"

"Sindinalipo, tiya. Ndikanakhalapo sizikanachitika. Mawa ndikataya nsungwi ija, akumbe pa muyeso wina."

"Utaya nsungwi, maso a anthu utayanso? Aona kale. Chatsala n'chimodzi. Dzenjelo lisagone. Likumbidwe mawa, litsekedwe mawa, nthochi ili m'kati. Wandimva?"

Ndinaimbira dona Inesi tiya ali pomwepo, n'kuwafotokozera zonse. Anapepesa za kuyezako, ndipo ndikhulupirira kuti anapepesa ndi mtima wonse. Za dzenje anati ndisade nkhawa, chigawo cha maliro ndi cha tsiku limodzi, pofika masana tidzakhala tatha. Ndinatembenuka n'kuwauza tiya kuti dzuwa likamalowa mawa dzenje lidzakhala litatsekedwa, ndipo ndidzaona ndi maso anga.

Adzukulu anayamba kukumba tambala atangolira. Pamene ife tinkafika, dzenje linali litatha, dothi lofiira litaunjikidwa mbali imodzi, nkhungu itatsika mpaka mitengo ikuoneka theka. Realizadoro anali ngati mwana wopatsidwa nsapato zatsopano. Tinajambula chigawo chachikulu, kamera ili patali: anthu akubwera ndi mphasa, amayi akuimba, adzukulu akutsitsa chidole chija chitavekedwa jekete la amalume la kuntchito. Zinayenda bwino kwambiri. Ndinajambula mulu wa dothi mbali zonse, mapazi a anthu m'mphepete mwa dzenje, malo a khasu ndi fosholo, muzu umene unkalendewera m'khoma la dzenjelo. Kunatsala zapafupi: kamera ilowe m'dzenje iyang'ane kumwamba, mayi wa ku Ulaya uja aweramire n'kuponya dothi. Akukonza zimenezo, mphepo inawomba, nkhungu inayera, dzuwa linatuluka lonse.

Tinadikira. Wogwira kamera ankayang'ana kumwamba ndi kagalasi kake kakuda, n'kupukusa mutu. Chigawo chojambulidwa mu nkhungu sichingalumikizane ndi cha padzuwa, zimenezo ngakhale ine ndinali nditazidziwa. Tinadya chamasana, tinadikiranso. Kumwamba kunali mbee, kopanda ngakhale kamtambo. Mithunzi ya bulugamu itayamba kutalika, realizadoro anati basi, tidzamaliza mawa m'mamawa nkhungu ikadzatsikanso. Kawailesi kanga kanalira, mawu a dona Inesi: ndizungulize tepi yofiira kuzungulira dzenje, mulu wa dothi ufunditsidwe lona kuti usaume, mlonda agone pomwepo, munthu asakhudze kanthu.

Ndinapita kukaima pamaso pawo. Ndinawakumbutsa zimene anandiuza pafoni. Anati akukumbuka, koma nyengo saalamulira ndi iwo. Ndinati tifotsere lero, adzukulu adzakumbenso m'mawa. Anati sizingatheke, ndipo anandiwerengera zifukwa zimene iwo omwe anandiphunzitsa. Dzenje lokumbidwa kachiwiri makoma ake amagumuka, dothi limasakanikirana mtundu, mulu sungabwerere momwe unalili, ndipo kukumba kudzadya nthawi ya nkhungu. Mayi wa ku Ulaya uja ndege yake inali ya mawa masana, kwina akumudikira. Akapita chigawo chisanathe, filimu ilibe mathero, ndipo tsiku lotumizira ku chikondwerero silisuntha.

"Mena, ndi usiku umodzi wokha," anatero. "Ndi dzenje la m'filimu. Não é verdade, si lenileni."

"Dothi lake ndi lenileni, dona Inesi. Muyeso wakenso ndi wa munthu weniweni, uyo wakhala apoyo."

Realizadoro anamva kukangana, nabwera. Nditamufotokozera, anaganiza pang'ono, nkhope n'kuwala ngati wapeza yankho. Anati ngati vuto ndi loti dzenje lisagone lopanda kanthu, tisiyemo chidole chija usiku wonse, tivundikire ndi lona pamwamba. Ankanena ndi mtima wabwino, ndipo zimenezo ndi zomwe zinandipsetsa mtima kwambiri. Chidole cha msinkhu wa amalume, chovala jekete la amalume, chigone m'manda a muyeso wa amalume! Sindinamasulire mawu amenewo m'Chinyanja. Ndinaopa kuti amayi a kutchalitchi angakomoke.

Amalume analibe chigawo tsikulo, koma anabwera, nakhala patali pachitsa. Anali ataona tepi yofiira ikutulutsidwa, ndipo sanafunikire womasulira. Anandikodola. Nditafika anandigwira dzanja, manja awo ali zii.

"Mena, zisiye. Ntchito yako ndi yabwino, usaitaye chifukwa cha ine. Ndikwera shapa, ndikagone kwa achimwene ku Meponda. Mwina kumeneko silindipeza."

Apa ndi pamene ndinapsa mtima zenizeni. Munthu uyu anathawapo kale kamodzi, mfuti zikulira kumbuyo, mlongo wake ali m'manja. Lero, atakalamba, akutsokomola, athawenso m'nyumba mwake chifukwa cha dzenje limene ine ndinamubweretsera? Kuti anthu a mumzinda wina wozizira, amene sadzadziwa n'komwe kutchula dzina lake, adzaombe m'manja? Ndinawauza amalume kuti lero agona pakama pawo.

Ndinayamba ndamaliza ntchito yanga, chifukwa sindinafune kuti wina adzanene kuti sindinkaidziwa. Ndinajambulanso dzenjelo mbali zinayi, ndinayeza kuya kwake, mulitali ndi mulifupi, ndinaika choko ndi tepi pamene panaima munthu aliyense. Ndinatenga tabuleti, wotchi ndi kawailesi, n'kukaziika m'manja mwa dona Inesi. Ndinati rakoro yawo yonse ili mmenemo. Kenako ndinabwereka chikwanje kwa mwini munda, n'kutsikira kudimba kumene kunali nthochi. Thunthu la nthochi ndi lolemera kuposa momwe limaonekera. Ndinalikoka chokwawitsa, utomoni uli nanenane pa juzi, mpaka ndinafika nalo pa tepi yofiira. Tepiyo ndinaidula ndi chikwanje chomwecho.

"Mena, ukadutsa pamenepo usabwerenso mawa," anatero dona Inesi. Sanakuwe. "Dzenjelo lalowa mu kamera."

"Munalibwereka, dona Inesi. Nthawi yobweza yakwana."

Ndinaitana che Machemba kuti atulutse chidole. Anayang'ana azungu, nayang'ana anyamata awo, nakanda kumutu. Anali atauzidwa kuti ali ndi zigawo zina sabata yotsatira, ndipo palibe amene ankafuna kukhala woyamba kudzichotsa. Sindinawadzudzule, ndipo mpaka lero sindiwadzudzula. Ndinangokwinya siketi, n'kukhala pamphepete, n'kudumphira m'dzenjemo ndekha. Amayi anakuwa. Mkazi salowa m'manda kwathu, ndipo ine ndinkadziwa bwino lomwe. Ndinakankhira chidole kumtunda, ndinachivula jekete n'kuliponyera kwa amalume, ndinakokera thunthu la nthochi m'kati. Pamenepo che Machemba sanapirire.

"Epa, tulukamo mwana iwe, usatichititse manyazi! Anyamata, fosholo!"

Anandikoka ndi dzanja limodzi. Fosholo ija, imene ndinaijambula mosamala kuti isasunthe ngakhale pang'ono, ndinaizula pamulu n'kuponya dothi loyamba, kenako anandilanda. Amuna anayi anafotsera mwachangu. Realizadoro anagwira kumutu ndi manja onse awiri, nayenda uku ndi uku akulankhula chilankhulo chakwawo. Mnyamata wa ku France uja anali atakhala pansi, misozi ili m'maso, ndipo ndinamumvera chisoni pang'ono, chifukwa iye ankangofuna kugwira bwino ntchito yake. Dzuwa lisanakhudze mapiri a kumadzulo, che Machemba anali akupondaponda pamwamba, malo ali see.

M'galimoto ya kampani munalibe malo anga madzulo amenewo. Ndinabwerera pa shapa, kaminibasi kochokera ku Meponda, nditapanikizana ndi madengu a usipa, amalume ali pambali panga atafungatira jekete lawo. Titatsika anangoti, "Wapenga iwe," kenako anaseka, natsokomola, n'kupita kunyumba kwawo kukagona.

M'mawa mwake ndinali pa nyemba. Anzanga a pamsika sanandisiye. Wina akabwera ankati, "A filimu, tiyezereniko kachitini kamodzi." Zinkandipweteka, chifukwa ntchito ija ndinkaifuna ndi mtima wonse, ndipo ndinalira masiku angapo mayi asakuona. Azungu anamaliza filimu yawo popanda ine. Ndinamva kuti m'mawa uja anajambula nkhope zokhazokha, mayi uja atagwada pamalo ofotseredwa kale, ndipo ndege anaipeza. Amalume zigawo zawo zinali zitatha kale, choncho sanawavutitse.

Filimuyo inalandiridwa kumene ankafuna, ndipo inayendadi mizinda. Mnzanga wa kukwaya uja ankandionetsa pafoni zithunzi za realizadoro atavala suti, kumbuyo kwake kuli chikwangwani chachikulu cha nkhope ya amalume. Ku Lichinga sinaonetsedwe. Ndinadzaiona patapita nthawi pa kompyuta ya mphunzitsi wina. Ndi filimu yabwino, ndinene zoona, ndipo pamene amalume akukonza unyolo wa njinga mwana wawo wa m'nkhaniyo akuwayang'ana, ndinalira. Kumapeto, pamene pamadutsa mayina a onse amene anagwira ntchito, ndinaona dzina la dalaivala, la wophika, la mlonda. Langa panalibe. Ndinabwezera kumbuyo kuti mwina ndaphonya, koma sindinaphonye.

Ntchito ya anotadora sindinaisiye. Ojambula ena a ku Maputo anadzandifuna patapita nthawi, ndipo ndinamva kuti amene anawapatsa dzina langa ndi dona Inesi, ngakhale iwo sanandilankhulenso. Zimene anandiphunzitsa ndimazitsata mpaka lero, ndipo munthu akasuntha kapu yanga ndimamulusira kuposa iwo. Chimene ndinawonjezera ndi changa. Tsiku loyamba la filimu iliyonse ndimauza wondilemba kuti ndidzalondera chilichonse chimene chalowa mu kamera, koma anthu amene ndawabweretsa ine amakhala kuno kamera ikapita, ndipo mawu amene ndawapatsa sindidzawasintha chifukwa cha nyengo. Ena amavomera. Ena amati adzandiimbira, n'kusowa. Amenewo apite bwino.

Amalume anamwalira nyengo yozizira ya chaka chotsatira, ndi chifuwa chawo chomwe chija. Filimu yawo sanaione. Uthenga unandipeza pamsika, ndipo pamene ndinkafika kusiwa, amayi anali atadzaza kale pabwalo. Nditalowa pachipata nyimbo inatsika. Ndinamva wina kumbuyo akunong'ona kuti, "Ndi uja wa azungu, suja anawayeza." Ndinaima pakati pa bwalo, osadziwa ngati ndipite kutsogolo kapena ndikhale kumpanda.

Mawu anachokera m'nyumba, osasa ndi kulira, koma bwalo lonse linamva. Anali a tiya Rozina.

"Mena wafika? Mwamuimikiranji panja? Dzenje lija analitseka yekha, analowamo ndi miyendo yake, a Machemba alipo afunseni. Amuna anga apita ndi matenda awo. Mpatseni njira mwanayo."

Amayi anasuntha miyendo, ndinadutsa. M'nyumba tiya anandikokera pamphasa pafupi nawo, kumutu kwa amalume, pamalo pamene pamakhala eni maliro. Ndinakhala pamenepo mpaka tinanyamuka kupita kumanda, ndipo palibe anandiuza kuti ndisunthe.